Chitsulo Chimene Chinadya Dzanja la Adada

Ndataya izi. Mkazi wanga Esinati. Mwana amene anali naye m'mimba, amene tinali tisanamupezere dzina. Kulira kwa ndowa yake pakhomo m'mawa. Munthu mmodzi yekhayo amene ankadziwa kuti ndikakhala chete ndiye kuti ndikumva kuwawa.

Zotsala sindiziwerenga. Koma chilipo chimodzi kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi imene ndikukhalamo, pansi pa kachisakasa ka malata: benchi yakale ya adada ndi vayisi yake, chida chija chopana thabwa kuti lisagwedezeke mmisiri akamapala. Ndikayandikira pamenepo ndimamva fungo la mafuta a nsatsi, dzimbiri ndi utuchi wa mlombwa. Fungo limenelo limandibwezera ku Lisasadzi, m'chilimwe cha chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Masiku amenewo vayisi ya adada ndinali ine.

Adada anali kalipentala pa esiteti ya fodya ya mzungu wina, tsidya la dambo lathu. Chaka chapitacho, nthawi yodinda mabelo, anawaitana kuti akaone jeke imene inkavuta. Jeke ndi chibokosi cha matabwa chokhala ndi chitsulo chachitali cha mizere yozungulira, chimene amuna awiri amapotokola kuti chitsindire fodya mpaka akhale belo. Thabwa la m'kati linali litapendekeka, ndipo adada analowetsa dzanja kuti aliwongole. Amuna a pa chogwirira sanamve kukuwa kwawo chifukwa ankaimba. Atabwera kuchokera kuchipatala ku Kasungu, kudzanja lamanzere kunali kutatsala chala chachikulu ndi kachidutswa ka chikhatho. Ntchito ya pa esiteti inathera pomwepo.

Anthu ankayembekeza kuti azikhala pakhonde n'kumaluka madengu. Iwo anakhoma benchi pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa mpanda wa amayi, nayamba kupanga zitseko ndi mipando. Dzanja lamanja linkakankha puleni yopalira matabwa ngati kale, ndipo kachikhatho kaja kankaitsogolera. Chimene chinkasowa ndi chogwira thabwa. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera pa benchi n'kukhala pa thabwalo, miyendo uku ndi uku, manja onse awiri atakanikiza m'mbali.

Ndikukumbukira kuzizira kwa mwera m'miyezi ya chisanu, zala zitauma ngati nkhuni. Ndikukumbukira tizibenthu tolowa pansi pa zikhadabo, ndi puleni ikubwera kulunjika pa ine n'kuima patatsala mpata wa chala chimodzi. Makoko a thabwa ankapiringizika n'kugwera pa mapazi anga, ofiira, onunkhira ngati mankhwala. Adada sankalankhula zambiri. Liwu lawo linali limodzi lokha, "Gwira," ndipo ndinkalimva kuyambira dzuwa likutuluka mpaka mthunzi wa mango utafika pa nkhokwe.

Njira ya kusukulu ya mishoni inkadutsa pomwepo. Ana anzanga ankapita ndi masileti m'khwapa, miyendo yopaka mafuta, ena akukukuta chimanga chokazinga. Pakati pawo panali Esinati, mwana wa bambo woyendetsa ngolo ya pa esiteti, kamtsikana kowonda kokhala ndi mpata pakati pa mano. Iye yekha ndiye ankaima. Ankagwada pang'ono kwa adada mwaulemu, kenako n'kutembenukira kwa ine ndi nkhope yosaseka.

"Mwadzuka bwanji, a Mwala?" ankatero, poti ndinkakhala pa thabwa ngati mwala wotsindira. "Thabwa silinathawe usiku?"

Ndinkamuda kwambiri.

Mudzi umenewo unali wa kwa amayi. Adada anali mkamwini chabe, ndipo mwini wa ife ana anali atsibweni, a Zakeyu, mlongo wawo wa amayi. Atsibweni anali ndi ng'ombe ku Chisemphere ndipo ankasowa m'busa. Madzulo ena, fodya atatha kugulitsidwa ndipo moto wolusa utayamba kudetsa madambo, anabwera pa benchi ndi amuna ena awiri, naimirira ndi ndodo yawo. Anati mwana wa mlongo wawo sangakulire pa thabwa ngati chule, ndipo mvula yoyamba ikagwa adzanditenga kuti ndikaphunzire ntchito yeniyeni.

"Mwanayu apita kusukulu, alamu," anatero adada, osasiya kupala.

"Apite kusukulu, thabwa agwire ndani?" anaseka atsibweni. "Tsiku limene mudzapale chitseko nokha, popanda mwana wanga kukhalapo, mudzamutumize kumene mukufuna. Awa amva."

Amuna aja anavomera kuti amva. Ine ndinali pa thabwa, ndikugwira.

Sindikudziwa chimene chinandilowa masiku angapo pambuyo pake. Tinkapala thabwa lomaliza la chitseko cha aphunzitsi a kumishoni, mlombwa wabwino wopanda mfundo. Kutali kunamveka chitsulo cha kusukulu chikuitana ana. Puleni itayamba ulendo wake, ndinakweza manja onse awiri m'mwamba n'kunyamuka. Thabwa linatsetsereka, puleni inadumpha n'kukumba chibowo chachitali pakati pake, ndipo adada anagunda chifuwa pa benchi. Ndinaima pomwepo kudikira mbama. Anayang'ana thabwa, kenako anayang'ana ine.

"Wasiya dala?"

"Inde, adada."

Anapukuta puleni ndi malaya awo pang'onopang'ono. "Chabwino. Loweruka tipita ku Santhe."

Tinanyamuka kukuyera, ine pa keliyala, adada akuwongolera njinga ndi dzanja limodzi ndi kachikhatho kaja. Minda ya fodya inali itatsala ziputu zokha, ndipo chigwa chonse chinali chathyathyathya mpaka kumene maso ankathera, chakuda ndi phulusa la lupsa, apa ndi apo chulu kapena chigafa chogwa. Pa Santhe linali tsiku la msika. Tinalowa m'sitolo ya Che Amidu, Msilamu wa ndevu zoyera amene ankagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka unyolo wa ngolo. M'katimo munkanunkha parafini, sopo wa mtanda ndi nsalu zatsopano.

Mavayisi analimo awiri. Yoyamba inali yachitsulo yokhayokha, yobiriwira, yolemera moti Che Amidu anaikweza pa kauntala akubuula. Amuna amene anali pakhonde analowa kudzaonerera. Mmodzi anaigogoda ndi kiyi wa njinga monga timachitira posankha khasu, namvetsera kulira kwake, nagwedeza mutu. Onse anagwirizana kuti chinthu cholemera chotero sichinganame. Ine ndinkaona kale sileti m'khwapa mwanga.

Adada anatulutsa m'thumba kachidutswa ka mlombwa kopalidwa bwino, kosalala ngati tsaya la mwana. Anakaika pakamwa pa vayisiyo napotokola. Atamasula, kathabwako kanali ndi zipsera mbali zonse ziwiri, ngati kalumidwa ndi galu. Anakaonetsa kwa amuna aja. Kenako anayesa kukankha kachogwirira kake ndi bondo, koma kanali kakafupi ndiponso kali pamwamba. Yachiwiri inali yaing'ono, ndipo kamwa lake linkatseguka mpata wa zala zitatu basi.

"Sindikunamizani, amisiri," anatero Che Amidu. "Izi ndi za okonza njinga. Ya akalipentala ndingakuitanitsireni ku Limbe, koma lole yake idzafika mvula itatha."

"Koma ndi yolemera, akulu," anaumirira bambo wa kiyi uja.

"Ng'ona nayo ndi yolemera," anayankha adada, "koma simungaipatse mwana kuti ikugwirireni."

Tinabwerera opanda kanthu. Dzuwa linali litakwera, nyenje zikulira m'mitengo, ndipo m'mbali mwa msewu mitengo ya mombo inali itayamba kutulutsa masamba ake ofiira. Mwana aliyense wa kwathu ankadziwa tanthauzo la masamba amenewo: mvula siili kutali. Ndinakhala pa keliyala osagwira malaya a adada, ngakhale m'mabampu. Ndinali nditawakwiyira chifukwa chokana chinthu chimene chikanandimasula, pa chifukwa cha tizipsera pa kathabwa.

Pa mlatho wina tinatsika kuti tikankhe njinga mumchenga, ndipo mpamene anandiuza chimene ankafuna. Ankalankhula ngati akudziuza okha. Kamwa likhale la mtengo, chifukwa mtengo sulumana ndi mtengo unzake. Likhale lalitali kutsika ndi mwendo wa benchi, kuti limeze chitseko chathunthu. Chogwirira chikhale chachitali, chofika pa bondo, kuti dzanja likagwira thabwa mwendo uzimanga. Zonsezo akanatha kusema okha. Chimene sakanatha kusema ndi chitsulo cha mizere yozungulira ndi nati yake, ndipo chotero sichinkagulitsidwa m'sitolo iliyonse imene njinga ikanafikako.

Lolemba lake Esinati anaima monga mwa masiku onse, koma adada anali atapita kukanola puleni. Sindinamuyankhe moni wake wa Mwala uja, ndipo anandiyang'anitsitsa.

"Walira iwe," anatero.

Ndinakana. Kenako, sindikudziwa chifukwa chake, ndinamufotokozera zonse, za atsibweni, za ku Santhe, za chitsulo chosowacho. Anamvetsera akukanda mwendo ndi chala cha phazi linalo. Ndiye anati chitsulo chotero iye amachidziwa. Chinali m'chigwembe kuseri kwa mabalani oumitsiramo fodya a pa esiteti, m'kati mwa tsekera. Ngozi ija itachitika antchito anakana kukhudza jekeyo, mzungu anagula ina, ndipo bambo ake a Esinati ndi amene anakataya yakaleyo pa ngolo.

"Ndi chomwe chija chinadya dzanja la adada ako," anatero, n'kuthamangira anzake.

Ndinasunga nkhaniyo masiku awiri. Ndinkaopa chitsulocho, ndipo ndinkaopanso nkhope ya adada akamva. Tsiku lachitatu kumwamba kunaoneka kamtambo koyamba, ndipo ndinanena ndili pa thabwa, maso ali pansi. Puleni inaima. Adada anasisita kachikhatho kawo ndi chala. Kenako anatenga chipewa chawo pa nthambi.

Kapitawo wa pa esiteti anati tengani, ndipo anatembenuka kuti asaone. Matabwa a jeke anali atadyedwa ndi chiswe, koma chitsulo chinali chigonere mu udzu wopsa, chachitali ngati mwendo wa munthu wamkulu, chofiira ndi dzimbiri. Adada anachiyang'ana monga munthu ayang'anira mnzake amene anayambana naye kale. Anachikweza paphewa, ine ndinasenza nati pamutu, ndipo tinadutsa pakati pa mudzi dzuwa lili paliwombo. Sanafune njira ya kuseri. Amayi ena anakoka ana awo kuwalowetsa m'nyumba.

Amayi anatichingamira pa chipata cha mpanda, chipande chili m'manja.

"Chinthu cholawa magazi sichilowa pakhomo panga," anatero.

"Magazi ake ndi anga, amake Lameki," anayankha adada, akuwaitana ndi dzina langa. "Si mlendo ameneyu."

Komabe sichinalowe. Chinagona pansi pa mango, ndipo amayi anasiya kudutsa mbali imeneyo. Kwa sabata yathunthu ndinachikwecha ndi mchenga ndi chiguduli, ndikuthira mafuta a nsatsi m'mizere yake, mpaka nati inayamba kuyenda, poyamba mokuwa, kenako mwakachetechete. Adada anasema kamwa ndi muwanga, mtengo wouma umene umabunthitsa nkhwangwa. Anaboola ndi chitsulo chamoto, utsi wowawa ukutilowa m'maso. M'kati mwa kamwalo anamatamo chikopa cha ng'ombe. Pa ntchito yonseyo ndinagwira matabwa kuposa kale lonse, ndipo sindinasiye ngakhale kamodzi.

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu, yongonyowetsa fumbi. Loweruka m'mawa atsibweni anafika ndi ndodo yawo ndi amuna awiri aja, ndipo anthu a m'mudzi anabwera pambuyo pawo. Nthaka inkanunkha chinyezi. Adada anandiuza kuti ndiime patali. Ananyamula chitseko cha aphunzitsi, chimene anali atachisinthira thabwa lija, nachilowetsa m'kamwa mwa vayisi, nakankha chogwirira ndi bondo kawiri. Puleni inayenda kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Khoko limodzi lalitali linatuluka osaduka, n'kugwera pa mapazi a atsibweni. Chitseko sichinagwedezeke.

Ndinaganiza kuti zatha. Koma atsibweni anakankha khokolo ndi ndodo nati lero chagwira thabwa, mawa chidzafuna dzanja lina, pakuti chitsulo cholawa magazi sichikhuta. Anati iwo sangasiye mwana wa mlongo wawo kugona pafupi ndi chinthu chotero, sukulu kapena ayi, ndipo ndikatenge bulangete langa. Ndinaona mitu ikugwedezeka kuvomereza. Ndinaonanso amayi akuyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti sawatsutsa.

Adada anali atachotsa kale chitseko, ndipo kamwa linali lotseguka. Ndinayenda kupita pa benchi. Ndinalowetsa dzanja langa lamanzere pakati pa zikopa zija, ndipo ndi lamanja ndinagwira chogwirira n'kuyamba kupotokola. Amayi anakuwa. Adada anasuntha phazi limodzi, kenako anaima, ndipo mpaka lero sindidziwa mphamvu imene anaimira nayo. Chikopa chinali chozizira, kenako chinagwira, kenako chinayamba kufinya. Maso anga anali pa atsibweni. Mafupa a chikhatho anayamba kusonkhana, ululu unakwera mpaka m'khwapa, koma ndinali nditatsimikiza kuti sindisiya mpaka iwo ayang'ane kumbali. Ndinapotokolanso.

Liwu limene linamveka silinali la munthu wamkulu. Esinati anali atadzipanikiza kutsogolo kwa anthu, mtsuko wopanda madzi uli m'manja.

"Wamanga kwambiri iwe, Mwala," anatero, mosakuwa. "Bweza pang'ono."

Ndinabweza. Chitsulo chinamvera nthawi yomweyo, mosavuta, ngati kuti chinkangodikira. Ndinatulutsa dzanja n'kulikweza m'mwamba. Linali lofiira, lotupa, koma zala zonse zisanu zinalipo, popanda ndi chipsera chomwe. Wina anaseka, ena anatsatira. Atsibweni analavula malovu nati mwana wamakani ngati bambo wake angawaphere ng'ombe, akavutike naye aphunzitsi. Anapita osatsanzika.

Adada sanandiyamike. Anthu atabalalika anatenga dzanja langa, nalitembenuza, napinda chala chilichonse pachokha. Anati ndikadzachitanso zimenezo adzandimenya kwa nthawi yoyamba. Kenako ananena kuti sanasankhe chitsulocho chifukwa cha kumanga kwake, poti kumanga kwake ankakudziwa kale kuposa munthu wina aliyense. Chimene anafuna kuona sabata yonse ija ya mafuta ndi chakuti kodi chimabwerera munthu akachiuza. Sindinamvetse, ndipo sindinafunse. Sabata yotsatira ndinakhala pansi m'kalasi yoyambira ya Sabu A, wamtali kuposa ana onse, chala chikutupabe, ndipo Esinati anandibwereka theka la pensulo yake ya sileti.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti adada anatenga chitsulocho kuti achibwezere, achigwiritse ukapolo masiku ake onse. Ndinkakhulupiriranso kuti ndinapambana atsibweni chifukwa sindinasiye. Ndinapita ndi chikhulupiriro chimenecho kusekondale ndi kukoleji, ndipo chinandithandiza. Sindinaganizepo kuti ndikanapotokolanso kamodzi kokha, atsibweni akanakhala olondola, ndipo m'nyumba mwathu mukanakhala manja awiri opunduka.

Achibale a Esinati abwera kawiri tsopano. Akuti nthawi yakwana yoti timete, andisudzule, ndikhale womasuka poti ndikadali mnyamata. Ndawalandira mwaulemu, ndawapatsa mipando imene adada anapanga, ndipo ndakana. Tsitsi langa lakula, ndipo ana a m'kalasi amaliyang'ana. Akabweranso mwina ndidzakananso. Sindinapemphe munthu kuti andimasule.

Koma ndine mphunzitsi, ndipo sindingalembe nkhani n'kusiya mbali imene ikunditsutsa. Linali tsiku lomaliza la Esinati, dzuwa la masana, m'chipinda cha chipatala chonunkha mankhwala otsukira pansi. Anamwino anali atasiya kuthamanga, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinakhala pambali pa bedi nditagwira dzanja lake ndi manja anga onse awiri, osalankhula, osalira, maso ali pa khoma. Sindinadziwe mmene ndinkalifinyira. Iye anatembenuza mutu pa pilo, nandiyang'anitsitsa monga anachitira pansi pa mango paja, ndipo kampata ka mano kanaoneka pang'ono.

"Mwamanga kwambiri, a Mwala," anatero. "Bwezaniko pang'ono."